Makiyi a Galimoto ya Mkamwini

Lacombe, Canada
9 Okutobala 2009

Amayi ake a Hye-rim,

Muli bwanji ku Gunsan? Bondo lija likuvutabe? Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa lamya mumangoti "Mwati chiyani?" mpaka khadi yonse kutha.

Mwana wathu Hye-rim akupezako bwino, koma bala la opaleshoni silinapole ndipo madokotala amuletsa kuyendetsa galimoto. Mdzukulu wathu amutcha Nari. Poti wabadwa kutatsala pafupifupi miyezi itatu, ali m'kabokosi kagalasi kuchipatala cha ku Red Deer. Ndi wamng'ono ngati botolo la mowa wa soju, koma akayamba kukankha timiyendo simungakayike kuti ndi wa kwa Pyo. Akuti atuluka mu Disembala.

Ntchito yanga pano ndi imodzi, kupititsa Hye-rim kuchipatala m'mawa ndi kukamutenga masana. Chizungu sindichidziwa, kuphika kwanga mukukudziwa, mwana sindiloledwa kumunyamula. Koma chiwongolero ndiye changa. Zaka 31 pa takisi osakanda ngakhale njinga ya munthu si masewera, ndipo satifiketi yake ili pakhoma pathupo, muziipukuta fumbi. Ndamukumbutsa Hye-rim kuti iyeyo atabadwa ndinamutenga kuchipatala pa takisi yanga, ndiye mwana wakenso tsiku lotuluka adzabwera kunyumba ine ndili pachiwongolero. Anaseka n'kuvomera. Pa zonse zimene ndadzera kuno, chimenechi ndicho ndikudikira.

Mwamuna wake uja, Dale, wandibwereka galimoto yake yaing'ono. Iye amayenda pa rekka, chigalimoto chokokera magalimoto owonongeka. Mukudziwa mmene ndimawaonera anthu a rekka. Kwathu ndi afisi, akangomva kuti kwachitika ngozi amathamangitsana nyali zili ng'aning'ani, kukalimbirana galimoto mwini wake akadali kubuula. Hye-rim akuti kuno n'zosiyana. Ine ndikuti fisi ndi fisi ngakhale avale jekete yachikasu. M'mawa amandiweramira mopitirira ngati ali pamaliro, tiyi amandithirira ndi manja awiri. Ndikuona kuti wina anamuphunzitsa. Ine ndimangogwedeza mutu.

Tumizani ndere zouma za m'nyanja zophikira msuzi wa mayi woyamwitsa. Za kuno n'zopyapyala ngati pepala.

Mwamuna wanu,
Pyo Man-sik


Lacombe
21 Okutobala 2009

Amayi ake a Hye-rim,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha, mukatha muibise m'kabati ya zofunda.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Lolemba masana ndinkapita kukatenga Hye-rim, ndili ndekha, nditachedwa pang'ono. M'mbali mwa msewu munaima galimoto ya apolisi ndi rekka, nyali zikuyaka, ndipo galimoto ina inali itagwera m'ngalande. Munthu wa jekete yachikasu anali atagwada akumangirira unyolo. Inu mukudziwa kuti kwathu apolisi amayenda nyali zikuyaka tsiku lonse, ngakhale akupita kukadya. Ndani amaponda mabuleki chifukwa cha nyali? Ndinadutsa mmene ndinkayendera.

Posakhalitsa wapolisi anali kumbuyo kwanga. Ndinati ali pa ulendo wake, ndinamupatsa mpata, iye osadutsa. Tinatsatana choncho makilomita anayi mpaka analiza sayirini. Nditaima ndinachita zimene munthu woleredwa bwino amachita, ndinatsika kuti ndikamuweramire. Mayi inu, kukuwa kwake! Dzanja lili m'chiuno, nkhope ili psuu. Ndinabwerera m'galimoto msangamsanga. Anandilembera manambala awiri, 60 ndi 113, n'kundipatsa chipepala.

Dzulo ndinapita nacho mobisa kwa a Seok, mkulu wa mpingo wa anthu akwathu ku Red Deer. Atawerenga anavula magalasi.

"Achimwene, mwaputa mavu," anatero. "Kuno mukamadutsa pafupi ndi ambulansi, ozimitsa moto, apolisi kapena rekka ataima nyali zikuyaka, mumatsitsa liwiro kufika 60. Chindapusa chake chimakhala chowirikiza. Tsono inu munali pa 113, mwapyola kwambiri, simungangolipira n'kumapita. Mukaonekera kwa woweruza pa 15 Disembala, ndipo akhoza kukuletsani kuyendetsa."

"Ngakhale rekka?" ndinafunsa.

"Nanga amene amagwada pamsewupo ndani?"

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya lambiri. Manyazi andigwira. Hye-rim asadziwe. Akadziwa andilanda makiyi, ndipo ine wopanda makiyi m'nyumba muno ndine mpando chabe. Nari angofika kaye kunyumba, zinazo zidzaoneka. A Seok akuti ndikonzekere ndalama zakwathu, won miliyoni imodzi ndi theka. Akandipatsa nambala ya akaunti yawo ndikutumizirani. Kalatayi ndikaponya ndekha, ndapeza sitampu m'kabati ya kukhitchini.

Man-sik


Lacombe
28 Okutobala 2009

Amayi ake a Hye-rim,

Moni. Nari wawonjezera magalamu mazana awiri, ndipo dzulo anatsegula diso limodzi n'kundiyang'ana ngati wokwera takisi amene sakukhulupirira mita.

Nambala ya akaunti ya a Seok ili pakapepala kenako. Tumizani ndalama zija monga ndinafotokozera. Ndikubwerezanso, Hye-rim asamve. Musandifunse pa lamya, amakhala pafupi.

Fisi uja wayamba mwano. Lachisanu ndinapeza pampando wanga m'galimoto kabuku ka malamulo a pamsewu, ka zithunzizithunzi, ka ana ophunzira kuyendetsa. Kupatsa ine! Za chipepala chija sangadziwe, chili m'sokosi mu sutikesi, ndiye n'kunyoza basi. Masiku ena akumachedwa dala kuntchito kuti aperekeze yekha Hye-rim. Pakudya amandiyang'ana ngati ali ndi mawu, kenako amangondiwonjezera nyama. Kabukuko ndakaika pansi pa mwendo wa tebulo la kuchipinda kwanga, linkagwedera.

A Seok atumiza kalatayi kuchokera kuofesi kwawo.

Man-sik


Gunsan, Korea
8 Novembala 2009

Hye-rim mwana wanga,

Uli bwanji, ndipo kamwanako kali bwanji? Mkaka ukutuluka? Ndere ndinatumiza sabata yatha, uzimwa msuzi katatu pa tsiku ngakhale ukunyanse. Kuno tagula kale kabichi woti tithire mchere ndi tsabola akhale kimchi, mitu makumi anayi, ndipo chaka chino palibe wondinyamulira.

Ndikulembera iwe chifukwa ndikaimba lamya amayankha ndi bambo ako. Andilembera kuti nditumize won miliyoni imodzi ndi theka ku akaunti ya munthu wina dzina lake Seok, ndipo akuti iwe usamve. Akuti "monga ndinafotokozera." Anafotokoza liti? Ine ndalandira makalata awiri okha, ya ndere ndi iyi.

Bambo ako ndakhala nawo zaka 36. Ndi munthu wonyada, wouma mutu ngati mwala wotsindira kimchi, koma ndalama sanandibisirepo. Mayi wina wa kumsika wandiuza kuti mlamu wake anapita kukaona ana ku Canada komweko, ndipo poti masana analibe chochita, anzake anamutengera kumalo otchovera juga. Anabwerako wopanda ngakhale wotchi. Kodi bambo ako akakusiya kuchipatala amapita kuti? Seok ameneyu ndani? Mtima wanga sukukhazikika, ndathira mchere kawiri mumphika umodzi.

Kapena akangana ndi mwamuna wako ndipo akufuna tikiti yobwerera? Amamulembabe dzina loipa lija. Ufufuze mwakachetechete, usawachititse manyazi. Ndalama sinditumiza mpaka undiyankhe.

Mayi ako,
Eom Sun-rye


Lacombe
19 Novembala 2009

Amayi,

Ndere zafika, zikomo. Nari akuyamwa yekha tsopano, ndipo akuti atuluka pa 11 Disembala. Khazikani mtima pansi, si juga. Koma pamene ndikulemba pano mkwiyo wandidzaza.

Kalata imene simunalandire ili muno, muwerenge nokha. Bambo anamatapo sitampu yotumizira makalata a m'dziko mommuno, ndiye inabwezedwa kuno. Ndinaiponya m'chikwama changa kuti ndidzamateponso ina, n'kuiwala ndi za kuchipatalazi. Nditawerenga kalata yanu ndinaitsegula. Mundikhululukire, ndikudziwa kuti si khalidwe.

Ndinaiika patebulo pa chakudya chamadzulo. "Bambo, ichi n'chiyani?"

Anayang'ana kalatayo, n'kuyang'ana mbale yawo. "Ndi nkhani yaing'ono, ndithana nayo ndekha. Kwathu nyali zimenezi palibe amene amaziwerengera."

"Kuno si kwanu! Pamsewupo panali munthu!"

"Munthu wa rekka amadziwa kuzinda, ndi ntchito yake," anatero.

Dale sanamve mawu athu, koma anaona nkhope. Anandifunsa, ndinamuuza zonse. Anaika pansi timitengo todyera n'kunena kuti, "Uwauze kuti ndinali ine."

Amayi, ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Munthu wogwada ndi unyolo uja anali Dale. Akuti galasi la m'mbali linamudutsa pafupi ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, mphepo yake n'kumuchotsa chipewa. Atadzutsa mutu anaona galimoto yake yomwe ikupita, kampando ka mwana kali kumbuyo. Wakhala akudziwa mwezi wathunthu.

Ndinamukalipira iyenso. "Bwanji osandiuza?"

"Unali wofooka," anayankha. "Ndiponso si iwe unandiphunzitsa kuti kwanu munthu wamkulu sadzudzulidwa pamaso? Ndinayesa kabuku kaja, ndinapinda ngakhale tsamba lake."

Ndinamasulira zonsezi liwu ndi liwu. Bambo anayera nkhope ngati tofu, chakudya choyera chija cha soya. Anadzuka, analowa kuchipinda, ndipo ndinamva tebulo likukokedwa.

Pali chinthu chimene sindinakuuzeni, chifukwa Bambo ankadana kale ndi ntchito ya Dale. Zaka zitatu zapitazo mnzake wa kuntchito, Wade, anagundidwa momwemo, masanasana, akumangirira galimoto ya mayi wina. Dale ananyamula nawo bokosi. Mkazi wa Wade ndimakumana naye m'sitolo, ndipo ndimasowa poyang'ana. Lamya ya Dale ikalira kuti akakoke galimoto, mtima wanga umakhala m'mwamba mpaka abwere. Ndiye ndimve kuti amene akanandisandutsa wamasiye, mwana ali m'kabokosi, ndi bambo anga ondibereka!

Makiyi ndatenga. Sanakane, anachita kundipatsa okha. Tsopano ndikuyendetsa ndekha, dokotala wandilola. Iwo amakhala pawindo tsiku lonse ndi kabuku kaja ndi dikishonale. Achepa thupi. Ndimawakonda, Amayi, ndipo kuwaona choncho kukundipweteka, koma Nari sindingamuike m'galimoto yawo. Lonjezo lija laphwanyika.

Ndalama tumizani, ndi za chindapusa. A Seok ndi munthu wabwino.

Mwana wanu,
Hye-rim


Gunsan
29 Novembala 2009

Bambo ake a Hye-rim,

Muli moyo? Mukudya? Kalata yanu yosochera ija yafika, itazungulira ngati woledzera. Ndaiwerenga katatu. Koyamba ndinakwiya, kachiwiri ndinaseka za kuweramira wapolisi, kachitatu ndinalira.

Ndiyambe ndi kupepesa. Ndinakuganizirani za juga. Ndinaiwala kuti inu ngakhale makhadi a pa Chaka Chatsopano mumasewera ngati mukulipira msonkho. Ndalama ndatumiza dzulo.

Tsopano mumve zanga. Mukukumbuka zimene bambo anga ankakutchani? Zaka zitatu zathunthu dzina lanu silinatuluke pakamwa pawo, munali "wa takisi uja." Ankati a takisi onse ndi akuba, amazungulitsa alendo kuti mita ikwere. Inu munkabwera kunyumba n'kumenya khoma, mukuti munthu aziweruzidwa ndi manja ake, osati ndi dzina la ntchito yake. Ndinakusilirani tsiku limenelo. Nanga mawu amenewo munawasiya m'takisi pogulitsa?

Mwana wa eni mwamutcha fisi kuyambira tsiku la ukwati. Fisi ameneyu munatsala pang'ono kumupha, iye n'kubwera kunyumba kudzakuwonjezerani nyama m'mbale. Anasunga manyazi anu mwezi wathunthu ngati dzira. Ine fisi wotere sindinamuonepo.

Kukhala pawindo osadya si kupepesa, ndi kuvutitsa mwana amene ali kale ndi zomuvuta. Pitani mukamuweramire mkamwini wanu. Msana wanu suthyoka, ndauona ukuweramira mabwana a kampani ya takisi amene sanali oyenera ngakhale moni. Chizungu sichifunika pamenepo.

Za makiyi musapemphe. Madzi akatayika saoleka. Nari akafika kunyumba ali bwino, amene anali pachiwongolero sadzamukumbuka.

Satifiketi yanu ndaipukuta. Zaka 31 zija n'zoona, palibe amene wazifufuta. Kimchi watha kuikidwa, ananyamula kabichi ndi mwamuna wa mng'ono wanga, akudandaula ngati ananyamula phiri. Muzivala mpango.

Mkazi wanu,
Sun-rye


Lacombe
17 Disembala 2009

Amayi ake a Hye-rim,

Kalata yanu inandipeza, ndipo inaluma ngati tsabola wanu. Bondo lili bwanji? Kuno kwagwa chipale chofewa mpaka m'mawondo.

Za kubwalo la milandu ndifupikitse. Woweruza anali mayi wa imvi. A Seok anamasulira, ine ndinavomera mlandu osawonjezera za nyali za kwathu. Chindapusa ndalipira, ndalama zina zatsala, ndipo andiletsa kuyendetsa mwezi umodzi. Dale anajomba kuntchito n'kukhala kumbuyo kwanga atavala tayi yomufinya khosi.

Kumuweramira ndinalephera poyamba, ndisakunamizeni. Ndinkafika pakhomo la kukhitchini n'kubwerera. M'malo mwake ndinapempha Hye-rim amuuze kuti ndikufuna kukwera nawo rekka tsiku limodzi. Abwana ake analola. Loweruka m'mawa tinapita kukakoka galimoto ya mtsikana wina imene inaterereka. Anandiveka jekete yachikasu n'kundiimika kutali, kuseri kwa chitsulo cha m'mbali mwa msewu, akundiloza ndi chala kuti ndisasunthe.

Mayi inu, zaka 31 ndakhala mumsewu, koma ndinkauonera pawindo. Ukaima pansi, galimoto yothamanga siioneka, imangomveka pachifuwa. Chilole chikadutsa, nthaka imagwedera ndipo mphepo imakukoka ngati ikufuna kukutenga. Ndipo Dale anali chogwada, atafulatira zonsezo, manja ali pa unyolo wozizira, magolovesi ake atang'ambika pazala. Moyo wake wonse anausiya m'mapazi a anthu osawadziwa. Ambiri ankachepetsa liwiro, ena n'kusamukira kumzere wakutali. Mmodzi sanachepetse. Ndinamutukwana m'chinenero chathu mpaka mawu anandithera, kenako ndinakumbuka kuti ndikutukwana ndani.

Dale atamaliza ndinamuweramira pomwepo, m'chipale chofewacho, mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda mawondo. Iye anasokonezeka n'kuweramanso mopitirira. Tinakhala choncho ngati nkhuku ziwiri zikujompha, mtsikana uja akutiyang'ana.

Tsopano za Lachisanu, tsiku limene Nari anatuluka. Tinapita tonse atatu, ine kumbuyo. Anamwino anamumangirira pakampando kake, chipewa chikumuphimba maso. Titafika poimika magalimoto, Dale analankhula ndi Hye-rim motsitsa mawu. Hye-rim anapukusa mutu, iye analankhulanso, nthawi yaitali. Kenako Hye-rim anatsegula chikwama n'kumupatsa makiyi, ndipo iye anabwera kwa ine atawagwira ndi manja awiri.

"Akuti mlandu ndi Lachiwiri, lero mukadali ndi chilolezo," anatero Hye-rim, osandiyang'ana. "Akuti munalonjezedwa. Akutinso palibe munthu m'chigawo chino amene aziyendetsa mosamala kuposa inu tsopano."

"Nanga iwe ukuti bwanji?" ndinamufunsa.

"Ine ndikuchita mantha, Bambo. Koma ndavomera."

Ndinawalandira. Anali ofunda, ndipo mukudziwa mmene ndinalilotera tsiku limeneli. Ndinayang'ana kamwanako, ndinayang'ana mwana wathu atagwira chitseko mwamphamvu. Ndinakumbuka kuti tsiku lija ndinamutenga iyeyo kuchipatala, bambo anu anakhala kumbuyo atakunyamulirani chikwama, ndipo sanandilande chiwongolero ngakhale ankanditcha wakuba. Ndinatsegula dzanja la mkamwini wathu n'kuikamo makiyi aja.

"Umuuze kuti mwana amatengedwa kuchipatala ndi bambo ake," ndinatero. "Bambo ake a Nari, yendetsani."

Hye-rim sanamasulire msanga, anali atagwira pakamwa. Koma Dale anamva dzina la mwana wake, ndipo ndikuganiza kuti zinazo anazimva yekha.

Ndinakhala kumbuyo pambali pa Nari, chala changa chili m'kadzanja kake. Pafupi ndi mlatho panaima ambulansi nyali zikuyaka. Phazi langa linaponda pansi lokha, pamene palibe mabuleki, ndipo galimoto inachepetsa liwiro ngati yandimvera. Hye-rim anatembenuka n'kundiona. "Bambo, muboola pansi pa galimoto," anatero, akuseka misozi ili m'maso. Kanali koyamba kundiseka chichokereni tsiku limene anatsegula kalata ija.

Ndibwera mu Malichi monga tinapangana. Koma musanatumize china chilichonse, pitani kumsika kwa bambo uja amagulitsa zovala za asodzi, mukagule magolovesi a chikopa okhala ndi ubweya m'kati, mapeyala awiri, olimba kwambiri. Musayerekeze ndi manja anga. Manja a bambo ake a Nari ndi aakulu, ndawajambula kuseri kwa pepalali.

Mwamuna wanu,
Man-sik